Asing'anga Awiri ndi Mtambo Umodzi

Singano ikagona pabwalo masiku ochepa m'dzinja, mumaipeza itayamba kale kuchita dzimbiri. Ku Kolobeng, kumadzulo kwa mzinda umene lero ndi Gaborone m'dziko la Botswana, David Livingstone anaona singano zikukhala panja miyezi ndi miyezi osagwira dzimbiri. Tsiku lina dzuwa lili paliwombo anakwirira choyezera kutentha m'nthaka, kuya kwake ngati chala, ndipo chinafika madigiri pafupifupi 56 pa muyeso wa Celsius. Tizilombo tina akatiika pamwamba pa dothilo tinkathamanga pang'ono n'kuferatu. Mtsinje wa Kolobeng unaphwa. Nsomba zinafa zambirimbiri moti afisi a m'dera lonselo anasonkhana koma analephera kuzimaliza, ndipo ng'ona yokalamba inapezeka itatsakamira m'matope ouma. M'zaka ziwiri zotsatizana mvula yonse imene inagwa sinakwane mamilimita 250.

Zonsezi zili m'mutu woyamba wa buku lake lotchedwa Missionary Travels and Researches in South Africa, limene linasindikizidwa ku London mu 1857. M'mutu womwewo muli kachigawo kakafupi, kosakwana masamba atatu, kamene ndakawerenga mobwerezabwereza kuposa buku lonselo. Ndi mkangano wa anthu awiri pa nkhani ya mvula. Ambiri amakatchula ngati nkhondo ya sayansi ndi zikhulupiriro zamakolo. Ine ndikakawerenga pang'onopang'ono ndimaona kuti nkhondo yake si imeneyo.

Tiyambe ndi pamene zinthu zinali. Livingstone anafika kummwera kwa Africa mu 1841 atatumidwa ndi London Missionary Society, ali ndi satifiketi ya udokotala yochokera ku Glasgow. Anakhazikika pakati pa a Bakwena, ndipo mu 1847 iye ndi mfumu yawo Sechele anasamukira ku Kolobeng. Amene analimbikitsa msamukowo anali Livingstone yemwe, pofuna kuti akhale pafupi ndi mtsinje wosaphwa, atseke damu, akumbe ngalande, athirire minda. Mu 1848 Sechele anabatizidwa. Tsono Sechele sanali mfumu chabe. Anali wodziwika pa ntchito yoitana mvula, ndipo Livingstone akuti mfumuyo inamuuza kangapo kuti pa zonse zimene Chikhristu chinamuuza kusiya, chimene chinamuvuta kwambiri chinali chimenechi. Anasiya. Ndipo mvula sinagwe.

Taganizani mmene zinkaonekera kwa mayi wa ku Kolobeng amene wagulitsa mikanda ndi zibangili zake kuti apeze mapira, ana ake akuyendayenda m'thengo kukumba mizu. Mlendo wabwera, mfumu yamvera mlendoyo, mfumu yaleka ntchito imene makolo ake ankagwira, ndiye kumwamba kwatsekeka. Livingstone sakubisa kuti madzulo nduna zachikulire zinkabwera kwa iye kudzamupempha kuti amasule mfumu iitane mvula kamodzi kokha, ndipo zinkalonjeza kuti akatero mudzi wonse udzabwera kusukulu kudzaimba ndi kupemphera mpaka iye atakhutira. Ankakhulupirira kuti wamanga mfumu yawo ndi mankhwala. Mkangano wathu ukuchitikira pamenepa, pakati pa anthu amene nkhokwe zawo zili pululu.

Chinthu choyamba chimene chimandikoka ndi maina amene wolembayo anapatsa anthu awiriwa. Iye mwini sanadzitche mbusa kapena mmishonale. Anadzitcha dokotala wa mankhwala, mnzakeyo anamutcha dokotala wa mvula, ndipo m'kukambirana konseko maina awo afupikitsidwa kukhala zilembo ziwiriziwiri zosiyana chilembo chimodzi chokha. Pa tsambalo akuoneka ngati anthu a ntchito imodzi. Ndithu mkanganowu si mawu enieni a tsiku limodzi. Livingstone anausanja yekha, kuphatikiza zimene anamva kwa anthu osiyanasiyana pa zaka zingapo, ndipo cholembera chinali m'dzanja lake kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Akanafuna, sing'anga wa mvulayo akanaoneka chitsiru. Sanatero, ndipo chimenechi tibwererakonso.

Dokotala ndiye ayamba. Akulonjera mnzake, akudabwa kuchuluka kwa mankhwala amene wawayala m'mawa umenewo, kenako akumufunsa ngati akukhulupiriradi kuti angalamule mitambo, popeza zimenezo ndi za Mulungu yekha. Sing'anga sakutsutsa. Akuti onse awiri akukhulupirira chimodzimodzi: wogwetsa mvula ndi Mulungu, mankhwalawo ndi njira yake yomupemphera. Apa m'pamene owerenga mothamanga amaphonya. Munthu wa sayansi uja sanatsegule mlandu ndi sayansi. Wautsegula ndi chiphunzitso cha mpingo, ndipo atayankhidwa akubweranso ndi chiphunzitso china, chakuti pemphero lolandirika ndi lodzera m'dzina la Mpulumutsi osati m'zitsamba. Mfundo zake ziwiri zoyamba n'za paguwa. Palibe mmodzi mwa awiriwa amene akukana Mulungu, palibenso amene akukana mankhwala. Dokotala amapemphera ndipo amapereka mankhwala, sing'anga amapemphera kudzera m'mankhwala. Akusiyana pa malire: kodi mankhwala amathera pati, ndipo pemphero limayambira pati?

Yankho lotsatira la sing'anga ndi lalitali kuposa onse, ndipo limandiwawa nthawi iliyonse. Akufotokoza kuti Mulungu anagawa mosiyana. Azungu anawapatsa zovala, mfuti, wonga, akavalo ndi ngolo, pamene anthu akuda anangowapatsa mkondo, ng'ombe ndi luso loitana mvula. Akufika ponena kuti Mulungu sanawakonde monga anakondera azungu. Munthu angafunse ngati mawu amenewa anatulukadi m'kamwa mwa Mkwena kapena ndi cholembera cha mzungu chimene chinawakometsa kuti akomere owerenga a ku Britain. Angakhalenso mawu aulemu a munthu wodziwa kutsutsana, amene amayamba wadzichepetsa kuti nkhonya yake ilowe bwino, monga amachitira akuluakulu pabwalo la milandu. Koma taonani zimene zili pakati pa mndandandawo: mfuti ndi wonga. Kwa anthu a ku Kolobeng nzeru za azungu sizinafike koyamba ngati choyezera kutentha. Zinafika ngati mpope wa mfuti. Mu Januwale 1852 boma la Britain linagwirizana ndi Mabuno pa Sand River kuti anthu akuda asamagulitsidwe mfuti ndi wonga, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho Mabuno anathira nkhondo a Bakwena pa Dimawe, n'kuphwasulanso nyumba ya Livingstone ku Kolobeng. Pamene bukuli linkalembedwa zonsezi zinali zitachitika. Munthu amene waona kuti wokhala ndi zida ndiye wokhala ndi mawu angathe kuganiza kuti zidazo n'chizindikiro cha chikondi cha Mulungu, ndipo chimene chimandidandaulitsa n'chakuti dokotala, amene ali changu kukonza mnzake pa nkhani ya mitambo, sakunenapo kanthu pa bodza lalikululi. Mmishonale wamva munthu akunena kuti Mulungu sakonda anthu akuda, ndipo pa tsambalo wangodutsa.

Kumapeto kwa yankholo sing'anga akupempha chinthu chimodzi: iwo salinyoza buku la azungu ngakhale salimvetsa, choncho azungu nawo asanyoze kanzeru kawo kochepa. Dokotala akuyankha kuti sakunyoza, akungoona kuti mnzakeyo akulakwitsa. Yankho limeneli ndi labwino ndipo ndi loona. Kuuza munthu kuti walakwitsa si kumunyoza. Sayansi ikanafa kalekale anthu akanamaopa kuuzana zimenezo.

Koma apa m'pamene sing'anga akutulutsa mawu amene kwa ine ndiwo mtima wa kachigawo konseka. Akukumbutsa dokotala kuti iye amaitanitsa chakudya ku Kuruman ndipo amathirira dimba lake, motero angathe kukhala popanda mvula, pamene iwo sangathe. Kuruman inali mishoni ya Robert Moffat, mpongozi wake wa Livingstone, kutali kummwera, pamalo a kasupe wosaphwa. Ngolo ikanyamuka kumeneko inkabweretsa ufa. Kenako sing'anga akuyala zimene zimachitika mvula ikakanika, chimodzi pambuyo pa chinzake monga mmene njala imayenderadi: msipu kutha, ng'ombe kuleka mkaka, ana kuwonda ndi kufa, akazi kuthawira ku mitundu ina kumene kuli chakudya, mtundu kubalalika, moto wa mudzi kuzima.

Si mfundo yotsimikizira kuti utsi umagwetsa mvula, ndipo sing'anga sakuiperekera zimenezo. Akunena za amene adzalipire ngati wina mwa awiriwa walakwitsa. Dokotala akalakwitsa, adzalemba kalata ku Kuruman. Sing'anga akalakwitsa posiya mankhwala ake, adzaika ana m'manda. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo amene m'mimba mwake muli zii sayenera kudabwa mnzake akamathamangira chitseko chilichonse chimene waona. Ndinakulira m'mudzi mmene ng'amba ya mu Januwale inkatigwetsa mphwayi chaka ndi chaka. Ndikukumbukira chimanga chofika m'chiuno chitapinda masamba ngati anyezi, nthaka ya m'mizere itang'ambika moti chala chinkalowa, amayi atayima pamutu pa munda m'mawa osalankhula, akungoyang'ana kum'mawa. Munthu amene wayimapo chonchi amamva mawu a sing'angayu mosiyana ndi munthu amene mvula imangomunyowetsera nsapato. Dokotala akuvomereza kuti mvula ndi yofunika, m'chiganizo chimodzi chachifupi, n'kubwerera ku mitambo. Za Kuruman sakuyankhapo.

Kuchokera apa ndiye sayansi yeniyeni ikulowa, ndipo ikulowa bwino. Dokotala akuti sing'anga amadikira mpaka aone mitambo ikubwera, ndiye amayatsa mankhwala ake n'kutenga ulemu. Imeneyi ndi mfundo yolimba: chinthu kuchitika pambuyo pa chinzake sikutanthauza kuti chachitika chifukwa cha chinzakecho. Tambala amalira kenako kumacha, koma satulutsa dzuwa. Livingstone anali atafotokoza kale kuti sing'anga amasinja muzu wina, kumwetsa nkhosa madzi ake mpaka ife ndi kuphupha, kenako n'kuwotcha mbali ya muzu womwewo kuti utsi ukwere kumwamba. Patapita tsiku limodzi kapena awiri mvula ikagwa, aliyense amaona kuti mankhwala amphamvu chotere agwira ntchito. Ndipo akuvomereza mwachilungamo kuti anthu a ku England akanamazunzika ndi chilala chotere, nawonso akanagonjera kaganizidwe komweka.

Sing'anga akubweza mkondo womwewo. Akuti iyenso dokotala amapatsa wodwala mankhwala, nthawi zina wodwalayo amachira, nthawi zina amafa. Akachira dokotala amatenga ulemu wa zimene Mulungu wachita, akafa dokotala sataya mabotolo ake. Nanga bwanji iye ataye ake mvula ikakana?

Kuti timve kulemera kwa funsoli tikumbuke udokotala wa zaka zimenezo. Madokotala a ku Ulaya ankachotsabe odwala magazi ngati chithandizo, ngakhale Pierre Louis wa ku Paris anali atasonyeza ndi ziwerengero cha m'ma 1830 kuti phindu lake linali lochepa kwambiri kuposa mmene ankaganizira. Mu 1847, chaka chomwe a Bakwena ankakumba ngalande ku Kolobeng, Ignaz Semmelweis ku Vienna ankauza madokotala anzake kuti azisamba m'manja asanagwire amayi oyembekezera, ndipo ambiri sanamumvere. Zoti malungo amafala ndi udzudzu zinadzatsimikizika mu 1897 ndi Ronald Ross, Livingstone atamwalira kale zaka 24. M'bokosi la dokotala wa 1848 munali kwinini, amene amagwiradi ntchito, koma munalinso zambiri zimene umboni wake unali wofanana ndendende ndi wa utsi wa sing'anga: tinapereka, wodwala anachira. Livingstone yemwe akutchula kuti chimodzi mwa zinthu zimene asing'anga a mvula ankagwiritsa ntchito, mkodzo wouma wa mbira za m'mapiri, chinkamwedwanso ngati mankhwala a mapiritsi. Ndipo mu 1850, pa Kolobeng pomwepo, mwana wake wamkazi Elizabeth anamwalira ali ndi masabata ochepa chabe. Bambo ake anali dokotala yekhayo m'dera lonselo. Sanataye mabotolo ake. Sindikunena izi pomunyoza, pakuti palibe kholo limene likanachita mosiyana. Ndikungoti pamene ankalemba funso la sing'angali mu 1857 ankadziwa bwino lomwe mmene limalasira.

Dokotala akuyankha ndi mfundo ina yabwino. Iye amapereka mankhwala kwa zamoyo zimene angazikhudze ndipo amaona zimene mankhwalawo akuchita m'thupi, pamene mitambo ili kutali, ndipo kawirikawiri mitambo imakhala mbali ina utsi ukulowera mbali ina. Uyu ndi munthu amene anayimadi pabwalo kuyang'ana kumene mphepo ikupita. Akanaima pomwepo akanapambana. Koma akuwonjeza malangizo akuti sing'anga angoyesa kudikira moleza mtima, Mulungu adzapereka mvula popanda mankhwala.

Sing'anga akufuula modabwa, akuti ankayesa azungu ndi anzeru mpaka m'mawa umenewo, ndipo akufunsa ngati alipo munthu amene anayesererapo njala, ngati imfa ndi chinthu chokoma.

M'malangizo a dokotalawo muli zinthu ziwiri zolukana. Muli chikhulupiriro, chakuti Mulungu adzapereka. Mulinso kafukufuku, chifukwa kusiya mankhwala chaka chimodzi n'kuona ngati mvula igwa ndiyo njira yokhayo yodziwira ngati mankhwalawo ali ndi ntchito. Masiku ano ofufuza amagawa anthu m'magulu awiri, ena kuwapatsa mankhwala ena osawapatsa, n'kuyerekeza. Njira imeneyi inakhazikika bwino mu 1948 pamene ku Britain anayesa streptomycin pa odwala chifuwa chachikulu, ndipo yapulumutsa anthu osawerengeka. Koma funso la sing'anga silinathe ntchito. Ku Tuskegee, m'dziko la America, kuyambira 1932 mpaka 1972 madokotala a boma anasiya amuna akuda mazanamazana odwala chindoko osawachiza, ngakhale penisilini atapezeka, kuti aone mmene matendawo amathera. Chikalata cha Helsinki cha 1964, chimene madokotala a dziko lonse amatsatira pa kafukufuku, chinalembedwa kuti chikumbutse ofufuza kuti moyo wa munthu woyesedwayo uli patsogolo pa chidwi chawo chofuna kudziwa, ndiponso kuti munthuyo avomere yekha atamvetsa. Sing'anga wa ku Kolobeng analakwitsa poganiza kuti kusiya utsi n'kusiya mankhwala enieni. Koma pa zimene iye ankadziwa, mlendo wokhuta ankamupempha kuti aike ana a mudzi wonse pa mayeso amene mlendoyo sakanavulala nawo. Anali ndi ufulu wonse wofunsa.

Funso lotsatira la dokotala ndi limene wasayansi aliyense lero angaliombere m'manja: kodi sing'anga angagwetse mvula pamalo amodzi n'kusiya ena? Akanatero, umboni ukanaoneka popanda wina kufa ndi njala. Ngakhale anthu amene kuyambira 1946, pamene Vincent Schaefer anamwaza ayezi wouma mumtambo ku America, akhala akuwaza mankhwala m'mitambo ndi ndege kapena kufukiza utsi wa silver iodide kuchokera pansi, amafunsidwabe zomwezi: mwadziwa bwanji kuti mtambowo sukanagwetsa wokha? Sing'anga akuyankha kuti sangaganizeko n'komwe zoyesa zimenezo. Iye amafuna dziko lonse libiriwire, anthu onse asangalale, amayi aombe m'manja ndi kuliza nthungululu, ndi kumupatsa zokongoletsera zawo pothokoza.

Yankho limeneli lili ndi nkhope ziwiri, ndipo Livingstone waziika zonse poyera. Ndi lokoma mtima, pakuti munthuyu sakufuna mvula ya munda umodzi. Komanso ndi kuzemba, ndipo mikanda ya amayi ili momwemo. Amayi omwe aja amene akugulitsa zibangili kuti agule mapira ndiwo adzavule zotsalazo kupatsa sing'anga mvula ikagwa. Chikhulupiriro chimene chimakana kuyesedwa chimakhala ndi wina amene amadyerapo, ngakhale wodyerayo atakhala woona mtima.

Ndiyenera kunena mosabisa kuti pa nkhani ya mitambo dokotala ananena zoona. Mvula ya kummwera kwa Africa imayendera mphepo zonyamula chinyezi kuchokera kunyanja zamchere ndi lamba wa mitambo amene amatsikira kummwera m'miyezi ya dzinja, ndipo madzi a nyanja ya Pacific akatentha mopitirira, chimene timachitcha El Niño, kuno kumakonda kuuma. Tinaziona mu 1992, mu 2016, ndiponso mu 2024 pamene boma la Malawi linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Makala a mileme, chiwindi cha nkhandwe ndi mtima wa mkango sizifika kumeneko. Ndipo kulakwitsa kumeneku kuli ndi mtengo wake, umene uli m'mawu a sing'anga omwe. Iye akuti mitundu ina imatchera mankhwala kuti imange mvula yawo. Ngati munthu angaitane mvula, ndiye kuti munthu angaimangenso, ndipo ikakana payenera kupezeka woimanga. Ku Kolobeng chala chinaloza Livingstone, amene anali ndi mfumu yomuteteza. Kwathu kuno mawu akuti kumanga mvula sanafe, ndipo chala chimakonda kuloza nkhalamba yokhala yokha kumapeto kwa mudzi, ngakhale lamulo la 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti. Ndimalemekeza kachisi wa Mbona ku Khulubvi ndi mbiri ya Makewana ku Msinja, kumene kupempha mvula kunkayendera limodzi ndi kuyanjanitsa anthu ndi kusunga nkhalango. Koma ulemu umenewo sundichititsa kuiwala agogo amene amathamangitsidwa m'nyumba zawo chifukwa mitambo yadutsa.

Chodabwitsa n'chakuti dokotala naye sanapulumuke ku kaganizidwe komweka. Pafupi ndi mkanganowu Livingstone akusimba za mbale wina wachikulire wa Sechele, munthu wanzeru ndi womveka, amene anamuuza kuti amamukonda ngati mbadwa koma aleke kulalikira ndi kupemphera kosalekeza, popeza mitundu yosapemphera ikulandira mvula pamene iwo ayi. Livingstone akuvomereza kuti zinalidi choncho. Ankaona mvula ikugwa pamapiri a makilomita 16 okha kuchokera pamudzipo. Ndipo akuulula kuti kawirikawiri mumtima mwake ankaganiza kuti ndi Satana amene akuwawotcha. Munthu yemwe uja wa choyezera kutentha ndi singano zosachita dzimbiri, mvula itamukana zaka zingapo, nayenso anafuna wina woti amuloze chala. Chilala chinawafinya onse awiri mofanana, ndipo onse anatulutsa madzi amtundu umodzi.

Mkangano ukutha mwadzidzidzi. Dokotala, mfundo zitamuthera, akuti sing'anga akunamiza anthu ndipo akudzinamiza yekha. Sing'anga akuyankha kuti ngati ndi choncho ndiye kuti alipo awiri. Palibenso china. Wolemba buku, amene akanatha kudzipatsa mawu omaliza, wawapereka kwa mdani wake, ndipo pansi pake akuvomereza kuti sanakopepo munthu ngakhale mmodzi pa nkhaniyi ngakhale anayesa njira zonse. Pano m'pamene ndimamupatsa ulemu waukulu. Anthu a ku Britain amene ankagula bukuli ankapereka ndalama ku mishoni ndipo ankafuna kumva za kupambana. Iye anawapatsa Mwafirika woganiza mwakuya amene sanagonje. Kulemba zimene waona ngakhale zikukuchepetsa ndiwo khalidwe limene sayansi imaimirapo, ndipo ndi limenenso chipembedzo chake chinkamulamula. Pa tsamba ili ziwirizo zinamukokera mbali imodzi.

Akuwonjeza chinthu china chimene ndimaona kuti anachiphunzira mowawa. Akuti ukamatsutsa kwambiri zoitana mvula, anthu amangoona ngati sukufuna kuti mvula igwe, ndipo n'zoopsa kulola kuti anthu aganize kuti moyo wawo sukukukhudza. Akuyerekeza munthu wotere ndi amalonda achigiriki a ku England pa nthawi ya nkhondo ya ku Crimea, amene ankakayikiridwa kuti mtima wawo uli ndi adani. Apa wayankha mochedwa mawu aja a Kuruman. Wazindikira kuti a Bakwena sankayeza mfundo zake zokha, ankayeza ngati iye ali nawo limodzi m'njalamo. Aliyense amene anayendapo m'midzi ndi uthenga wa katemera, wa kolera kapena wa mbewu zopirira chilala amachidziwa chimenechi: anthu amayamba aona ngati wabwera ndi galimoto yoti ikubweze msanga dzuwa lisanalowe.

N'chifukwa chake ndimaona kuti mfundo yamphamvu kwambiri ya Livingstone sili mumkanganomo. Ili masamba angapo m'mbuyo, pamene iye ndi a Bakwena anagwira makasu n'kutseka damu pa Kolobeng. Iwo anamuthandiza kukumba ngalande, iye anawathandiza kumanga nyumba ya mfumu, ndipo chaka choyamba madzi anayenda m'minda. Pamenepo panalibe wofunsa ngati mitambo imamva utsi. Mtsinje utaphwa anapitiriza kukumba pansi pa mchenga, mozama chaka ndi chaka, kuti apeze timadzi topulumutsira mitengo ya zipatso, mpaka analephera. Sayansi yake inathera pomwe mtsinje unathera, ndipo chimene chinatsala m'manja mwake chinali mawu akuti dikirani.

Iye mwini sanadikire. Mu 1849 anawoloka Kalahari kukafika ku nyanja ya Ngami, mu 1851 anafika ku Zambezi, ndipo mu 1852 anatumiza mkazi wake Mary ndi ana ku Britain. Mlendo ndi mame. Ulendo wina wapambuyo pake ndi umene unadzamufikitsa ku Shire ndi ku nyanja ya Malawi mu 1859, ndipo mu 1862 malungo anapha Bishopu Charles Mackenzie pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, n'kuphanso Mary ku Shupanga m'mbali mwa Zambezi. Sechele anatsala ndi anthu ake. Anamenya nkhondo ya Dimawe, anasonkhanitsanso mtundu wake, ndipo analamulira mpaka imfa yake mu 1892. Baibulo la Setswana sanalisiye. Ankaliwerenga ndi kulalikira yekha kwa anthu ake ndi kwa mafumu ena, pamene amishonale obwera pambuyo ankadandaula kuti wabwereranso ku miyambo ya mvula. Ku Kolobeng lero kwatsala maziko a nyumba ndi manda a Elizabeth, chapafupi ndi mtsinje.